Kalata yotseguka kwa Nduna ya Zamaphunziro: ana akumva Chingerezi, nanga ayankhula liti?

Olemekezeka a Nduna,

Mu Marichi 2014, yemwe anali pa mpando umene a Nduna akhalapo lero, Dr Lucius Kanyumba, analengeza kuti ana a m'sukulu za boma aziphunzitsidwa m'Chingerezi kuyambira Sitandade 1, kupatula pa phunziro la Chichewa. Chilengezocho chinatsamira pa lamulo latsopano la maphunziro la 2013, ndipo chifukwa chake chinali chomveka kwa kholo lililonse. Ana akumaliza Fomu 4, ena mpaka kuvala mkanjo ku yunivesite, koma akati atsegule pakamwa m'Chingerezi lilime limauma. Maganizo anali akuti mwana akamizidwa m'chinenerocho kuyambira tsiku loyamba, kulowa mpaka kuweruka, adzachiyankhula mosadodoma ngati anzake a m'sukulu zolipira za m'tauni. Zaka zoposa khumi zadutsa. Kalatayi ikupempha a Nduna kuti afunse funso limene chilengezocho sichinafunse: pa tsiku limodzi la sukulu, mwana wa ku Nthalire kapena wa ku Makanjira amayankhula Chingerezi ndi pakamwa pake kwa mphindi zingati?

Makolo sanalakwe kufuna Chingerezi, ndipo pasakhale wowanyoza. Wolephera Chingerezi satenga satifiketi ya MSCE, ngakhale atakhoza masamu ndi sayansi mpaka aphunzitsi kuomba m'manja. Gawo 51 la malamulo aakulu a dziko lino limafuna kuti phungu wa Nyumba ya Malamulo azitha kuyankhula ndi kuwerenga Chingerezi. Kamuzu Banda ankayankhula kwa anthu ake m'Chingerezi pa misonkhano, a John Msonthi n'kumamasulira, ndipo mu 1981 anatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama, kumene aphunzitsi ankachokera ku Britain. Mtundu umene unakula ukuona zimenezi sungauzidwe kuti chizungu n'chachabe. Pa cholinga palibe mkangano. Nkhani ili pa njira.

Njira yomiza ana m'chinenero chachiwiri ili ndi kwawo. Inayamba mu 1965 m'tauni ya St. Lambert, pafupi ndi Montreal ku Canada. Makolo oyankhula Chingerezi kumeneko anatopa kuona ana awo akuphunzira Chifalansa zaka zambiri osatha kugula nacho ngakhale buledi, pamene anthu ambiri m'chigawo cha Quebec amayankhula Chifalansa. Anakakamiza akuluakulu a sukulu kuti ayese kalasi imodzi ya ana aang'ono yophunzitsidwa zonse m'Chifalansa, ndipo akatswiri a ku McGill University, motsogozedwa ndi Wallace Lambert, anawatsatira anawo chaka ndi chaka. Zotsatira zinali zosangalatsa. Anawo anafika pomva ndi kuwerenga Chifalansa pafupifupi ngati eni ake, masamu sanatsalire, ndipo Chingerezi chawo sichinawonongeke. Njirayo inafalikira Canada yense, kenako maiko ena.

Amene amatchula Canada pofuna kuikira kumbuyo zimene zinachitika kuno amaiwala kufotokoza m'mene kalasi ya ku St. Lambert inalili. Mphunzitsi anali woyankhula Chifalansa chobadwa nacho, komanso ankamva Chingerezi cha anawo. Mwana akafunsa kanthu m'Chingerezi sankakalipiridwa. Mphunzitsi ankamuyankha m'Chifalansa, akuloza, akujambula, akubwereza, mpaka mwanayo ayambe yekha kuyesa. Ana anali ochepa moti mphunzitsi ankadziwa liwu la aliyense. Kunyumba kunali mabuku, nyuzipepala ndi wailesi za m'chinenero chawo, ndipo patapita zaka zochepa sukuluyo inkayambanso kuwaphunzitsa kuwerenga ndi kulemba m'Chingerezi chawocho. Makolo anasankha okha, ndipo wosafuna ankatha kuchotsa mwana wake. Zambiri mwa zimenezi mwana wa Sitandade 1 wa pansi pa mtengo wa mango kuno alibe.

Ngakhale ku Canada komweko, kumene zonse zinali m'malo mwake, panapezeka chilema. Mu 1985 katswiri wina wa ku Toronto, Merrill Swain, anaonetsa kuti ana amene amizidwa m'Chifalansa zaka zambiri ankamva bwino kwambiri, koma poyankhula ndi polemba ankalakwitsabe zinthu zimene mwana wobadwa nacho salakwitsa. Iye ndi anzake atakhala m'makalasimo n'kumvetsera, anapeza kuti woyankhula kwambiri ndi mphunzitsi. Ana ankayankha ndi liwu limodzi kapena awiri, ndipo si kawirikawiri pamene ankafunika kumanga chiganizo chachitali. Swain anati kumva kokha sikukwanira. Wophunzira ayenera kukakamizika kunena maganizo ake momveka, aone pamene mawu amuthera, afunefune, ayesenso. Munthu wokwera kabaza tsiku ndi tsiku amadziwa dzenje lililonse la mumsewu, koma saphunzira kupalasa njinga atakhala pa kaliyala.

A Nduna atapatula m'mawa umodzi n'kulowa m'kalasi ya Sitandade 5 pa sukulu ya kumudzi, mosalengeza komanso opanda mdipiti wa magalimoto, akhoza kumva zotere. Ana amaimirira n'kupereka moni wautali wa Chingerezi onse pamodzi, mwanthetemya ngati kwaya. Mphunzitsi amalemba manotsi pa bolodi kuchokera m'buku limodzi limene lilipo, ana n'kumakopera, ena atatsamiritsa kope pa bondo. Kenako amawerenga chiganizo n'kusiya liwu lomaliza lili m'malere. “The heart pumps...?” Kalasi yonse: “Blooood!” “Are we together?” “Yeees!” Akayang'ana nkhope n'kuona kuti palibe chimene chalowa, amasuzumira pakhomo, n'kutsitsa mawu: “Tikunena kuti mtima umapopa magazi, mwamva?” Apo mitu imagwedera zenizeni. Belu likamalira, mwana amene wakhala kumbuyo pafupi ndi khoma amakhala atatchula mawu a Chingerezi asanu kapena asanu ndi limodzi, onse motsanzira, onse atabisala m'phokoso la anzake.

Mphunzitsiyo si waulesi. Katswiri wa ku South Africa, Keith Chick, anaona zomwezi m'sukulu za ku KwaZulu ndipo anafotokoza kuti kuyankhira pamodzi kotere kumateteza mbali zonse ziwiri ku manyazi: mwana saonekera kuti sakumva, mphunzitsi saonekera kuti Chingerezi chikumuvuta, ndipo wodutsa panja amamva ngati maphunziro akuyenda.

Masamu ake ndi osavuta. Ndondomeko ya boma imafuna ana 60 kwa mphunzitsi mmodzi, koma chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, pamene ana anachuluka kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni m'chaka chimodzi, makalasi a ana oposa 100 sadabwitsa munthu. Phunziro la mphindi 35 likagawidwa kwa ana 100, mphunzitsi atatseka pakamwa pake osanena kanthu, mwana aliyense apeza masekondi 21. Koma mphunzitsi satseka pakamwa, ndipo amene amakweza mkono ndi omwewo asanu a kutsogolo.

Akaweruka, Chingerezi chimatsala m'kalasimo. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 84 mwa 100 alionse m'dziko muno amakhala kumudzi. Ku mjigo, ku chigayo, ku dimba, ku bwalo la mpira, ku tchalitchi ndi ku mzikiti, mwanayo sakumana ndi munthu woti amufunse kanthu m'Chingerezi. Pamenepa pali chodabwitsa chimene a Nduna amachidziwa bwino. Amalawi si anthu ouma mutu pa zinenero. Mnyamata amene analephera Chingerezi pa mayeso a Sitandade 8 amakwera basi ya ku Joni, ndipo akamabwera kudzaona makolo amakhala akuyankhula Chizulu, mwinanso Chingerezi chimene sukulu inalephera kumupatsa. Amayi a geni a ku Karonga amatsutsana mitengo m'Chiswahili ku Kyela. Mwana wa Chiyao wa ku Mangochi amatola Chichewa pa masewera. Onsewa palibe amene anawalembera manotsi. Anali ndi chinthu chimene akufuna, panali munthu woti awayankhe nthawi yomweyo, ndipo akalakwitsa ankasekedwa pang'ono n'kupitiriza.

Kuti chofunika ndi pakamwa pa wophunzira, osati dera limene ali, zinaonekeranso pa kafukufuku amene Barbara Freed, Norman Segalowitz ndi Dan Dewey anasindikiza mu 2004. Anayerekeza magulu atatu a ophunzira a ku America ophunzira Chifalansa: ena m'kalasi wamba, ena amene anapita kukakhala ku Paris, ndi ena amene anatsala m'dziko lawo lomwelo pa sukulu yogonera konko, kumene zonse zinkachitika m'Chifalansa kwa milungu ingapo. Aliyense akanaganiza kuti a ku Paris ndiwo apambane. Amene anapita patsogolo kwambiri pa kuyankhula mosadodoma anali a sukulu yogonera ija. A ku Paris, pofotokoza m'mene ankathera nthawi yawo, anaulula kuti akatuluka m'kalasi ankacheza kwambiri m'Chingerezi ndi anzawo. Munthu akhoza kuzunguliridwa ndi chinenero mbali zonse koma osachikhudza.

Phunziro lapafupi lili kutsidya kwa Mchinji. Zambia inasankha mu 1966 kuphunzitsa ana m'Chingerezi kuyambira Giredi 1, pamene Malawi, kuyambira 1968, inkaphunzitsa m'Chichewa zaka zinayi zoyamba n'kusinthira ku Chingerezi mu Sitandade 5. M'zaka za m'ma 1990, Eddie Williams anayesa ana a m'maiko awiriwa pa kuwerenga. Pa Chingerezi, ana a ku Zambia, ngakhale anali atamizidwamo zaka zinayi kuposa anzawo, sanawapose a ku Malawi. Pa Chichewa ndi Chinyanja, a ku Malawi anawasiya kutali anzawowo. Zaka zinayi za Chingerezi chokhachokha sizinawagulire kanthu ana a ku Zambia, zinangowalanda kuwerenga m'chinenero chawo. Ndipo mu 2014 momwemo, pamene Lilongwe inkalengeza Chingerezi kuyambira Sitandade 1, Lusaka inkayamba kuphunzitsa magiredi anayi oyamba m'zinenero za m'deralo. Maiko awiri oyandikana anadutsana pa msewu, wina akupita kumene mnzake akuchokera.

Ku Nigeria kunachitika zina zoyenera kuziganizira. Kuyambira 1970, pulofesa Babs Fafunwa ndi anzake a ku yunivesite ya Ife anayesa kuphunzitsa ana zaka zonse zisanu ndi chimodzi za pulayimale m'Chiyoruba, Chingerezi n'kukhala phunziro palokha lophunzitsidwa ndi aphunzitsi ochidziwa bwino. Anawo sanatsalire pa Chingerezi, ndipo pa maphunziro ena anachita bwino kuposa anzawo amene anasinthira ku Chingerezi msanga. Rwanda inasinthira ku Chingerezi mu 2008, inabwezeretsa Chinyarwanda m'makalasi atatu oyamba mu 2011, n'kubwereranso ku Chingerezi mu 2019, ndipo pa kusintha kulikonse amene anasenza katunduyo ndi mphunzitsi.

Wina anena kuti, nanga bwanji ana a m'sukulu zolipira amalavula chizungu cha m'mphuno ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri? N'zoona, ndipo chifukwa chake chikugwirizana ndi zimene zanenedwazi: makalasi ndi aang'ono, kunyumba kuli makatuni pa kanema, makolo amawayankha m'Chingerezi pa tebulo. Koma napo pamafunika kusamala. Jim Cummins, pofufuza ana obwera kuchokera kunja mumzinda wa Toronto, anapeza kuti Chingerezi chochezera chimabwera m'zaka ngati ziwiri, pamene chophunzirira, chofotokozera chifukwa chimene mvula imagwera kapena chotsutsira mfundo ya mnzako, chimatenga zaka zisanu mpaka zisanu ndi ziwiri. Anawo anali m'dziko limene Chingerezi chimamveka pa kona iliyonse. Kuno mwana amayembekezeka kuphunzira sayansi m'Chingerezi asanathe kupempha nacho madzi akumwa.

Pali mwambo wina umene wolemba kalatayi amauona ngati wowononga kuposa kusowa kwa mabuku, chifukwa umachitika m'dzina la kuthandiza ana. M'sukulu zambiri muli lamulo loti pa bwalo la sukulu pasamveke chinenero cha makolo. Monita amayenda ndi kapepala akulemba maina. Kwina kuli kachikwangwani kapena kachitsulo kamene wogwidwa amavala m'khosi, n'kumatchera khutu kuti amve mnzake amene aterereke lilime amupatsire. Amene chamutsalira poweruka amakatchetcha udzu kapena kukolopa. Ana a ku Wales anavalapo kathabwa kotere m'zaka za m'ma 1800 chifukwa choyankhula Chiwelishi, ndipo Ngugi wa Thiong'o analembapo za chilango chofanana nacho pa sukulu za ku Kenya m'nthawi ya atsamunda. Mwana wanzeru amaphunzira msanga kuti njira yopewera chilango si kuyankhula Chingerezi, chifukwa akachiyankhula chothyokathyoka anzake amuseka. Njira yake ndi kukhala duu. Pa buleki amapita kuseri kwa zimbudzi kukanong'onezana ndi anzake m'Chichewa. Sukulu imene inkafuna ana oyankhula imatulutsa ana odziwa kusunga pakamwa, ndipo atsikana, amene mwambo unawauza kale kuti asamayankhule mokweza pamaso pa akulu, ndi amene amayamba kuzimirira.

Ngati pali malo m'dziko muno amene kumiza munthu m'Chingerezi kungagwire ntchito monga kunagwirira kwa ophunzira a Chifalansa a sukulu yogonera aja, ndi ku makoleji a aphunzitsi: Karonga, Kasungu, Lilongwe, Machinga, Blantyre, Phalombe ndi ena. Kumeneko kuli anthu akuluakulu, amene amadziwa kale kuwerenga ndi kulemba, ogonera konko, odzisankhira okha ntchitoyi. Ku Middlebury College, ku America, ophunzira zinenero amasaina lonjezo loti kwa milungu ingapo ayankhula chinenero chimene akuphunziracho basi, podya, pa masewera ndi pogona, ndipo palibe amene amavekedwa chitsulo. Zotere n'zotheka ku makoleji a aphunzitsi kuno kwa teremu imodzi: mitsutso madzulo, zisudzo, kufotokozerana nkhani za pa wailesi, kuyeseza kuphunzitsa wina akujambula pa foni kuti mwini wake adzimvere yekha. Ambiri mwa olowa m'makolejiwa anadutsa m'makalasi a “Yeees!” omwe aja. Kuwatumiza ku sukulu ya kumudzi ndi lamulo loti aphunzitse zonse m'chinenero chimene iwo eni sanachiyankhulepo momasuka ndi kuwaika pa manyazi tsiku lililonse kwa zaka makumi atatu. Malemu pulofesa Gregory Kamwendo anachenjeza mu 2016 kuti ndondomeko ya 2014 inamangidwa pa maziko osalimba, ndipo mwa zofooka zimene anatchula munali Chingerezi cha aphunzitsi.

M'kalasi ya ana 100, njira yokhayo yochulukitsira masekondi 21 aja ndi kulola ana kuyankhulana okhaokha. Akakhala awiriawiri kwa mphindi khumi, wina akufotokozera mnzake njira yochokera kwawo kufika ku msika, kapena m'mene amapangira mpira wa majumbo, aliyense amapeza mphindi zisanu. Phokoso limakhala lalikulu, zolakwitsa zimachuluka, ena amathawira ku Chichewa. Koma woyendera sukulu akabwera n'kulemba kuti mphunzitsi walephera kusunga bata, mphunzitsiyo sadzayesanso. Mafomu amene alangizi a maphunziro a m'mazoni amadzaza akufunika mzere wofunsa kuti ndi ana angati anamanga chiganizo chawochawo m'phunzirolo. Wailesi nayo inathandizapo: pulogalamu ya Tikwere pa MBC inkalowetsa m'kalasi mawu a Chingerezi chomveka bwino, n'kusiya mpata woti ana ayankhe ndi kuimba. Lero mafoni ndi timawailesi ta sola tafika m'midzi yambiri kuposa nthawi imeneyo.

Chimene chingasinthe zinthu msanga kuposa zonse chili ku Zomba, ku bungwe la mayeso la MANEB. Chingerezi cha pa MSCE chimayesedwa ndi cholembera: galamala, chimangirizo, kumvetsa nkhani, chidule, mabuku. Pakamwa sipayesedwa. Mphunzitsi wa Fomu 4, amene mbiri yake imadalira kuchuluka kwa okhoza, angataye bwanji nthawi pa chinthu chopanda malikisi? Kuyesa kuyankhula kwa ophunzira zikwi zambirimbiri n'kodula, ndipo pali chiopsezo cha kukondera, makamaka kukondera katchulidwe ka ana a m'tauni. Koma kungayambike pang'ono, m'masukulu owerengeka: mphindi zisanu za kucheza pakati pa ophunzira awiri, zojambulidwa pa foni kuti woyesa wina wa kutali amvenso, malikisi akupita pa kumveka kwa maganizo, osati pa kutsanzira mzungu. Tsiku limene kuyankhula kudzakhale ndi malikisi khumi okha, makalabu a mtsutso amene anafa m'masukulu ambiri adzadzuka popanda wowalamula.

Pakufunikanso kuti unduna unene chinthu chimodzi momveka. Lamulo likuti Chingerezi. Ndondomeko ya dziko yophunzitsa kuwerenga, imene inayamba mu 2016 m'makalasi a Sitandade 1 mpaka 4, imapatsa Chichewa malo aakulu, ndipo ili ndi zifukwa zabwino, popeza mwana amaphunzira kuwerenga kamodzi kokha ndipo amafulumira m'chinenero chimene amachimva. Mphunzitsi ali pakati, akuchita zimene zikugwira ntchito koma mozemba, ngati wakuba. Kusakaniza zinenero kumene amachita motsitsa mawu kuja kukhoza kuphunzitsidwa ku koleji ngati luso: nthawi yofotokozera m'chinenero cha ana, nthawi yobwerera ku Chingerezi, ndi m'mene angachulukitsire Chingerezicho chaka ndi chaka. Ndipo chinenero cha ana si Chichewa paliponse. Mwana wa ku Chitipa, wa ku Nsanje kapena wa ku Nkhata Bay amafika pa sukulu n'kupeza zinenero ziwiri zachilendo zikumudikira. Kalata ya unduna ya mu 1996 inaloleza kuphunzitsa makalasi anayi oyamba m'chinenero cha m'deralo, koma mabuku ake sanatsatire. A Centre for Language Studies ku yunivesite ya Malawi akhala akugwira ntchito pa kalembedwe ka Chitumbuka, Chiyao ndi zinenero zina, ndipo ofesi yawo siili kutali ndi ya MANEB.

Zambiri mwa izi zikufuna ndalama ndi nthawi, ndipo a Nduna ali ndi midadada yoti amange ndi aphunzitsi oti alembe ntchito. Chimodzi chokha sichikufuna tambala. Kalata ya tsamba limodzi yochokera ku Capital Hill, yodzera kwa akuluakulu a maphunziro a m'maboma mpaka kwa mphunzitsi wamkulu aliyense, ikhoza kuletsa kulanga mwana chifukwa choyankhula chinenero cha kwawo, n'kulamula kuti m'malo mwa monita wolemba maina, sukulu iliyonse ipatule theka la ola pa tsiku loti ana azicheza m'Chingerezi awiriawiri, wolakwitsa osalembedwa paliponse. Ikasainidwa mu Ogasiti, ifika sukulu zisanatsegulidwe mu Seputembala.

Mwaulemu waukulu,
Mlembi wa nkhani za maphunziro